Jombo za Bambo pa Phazi la Mwana

 Ndikulankhula ndili pa Nkhamenya, kwa Gogo Chalo Kaluluma, kumpoto kwa boma la Kasungu, m'mbali mwa msewu wa M1 musanafike pa Jenda.  Lero ndabwera ndi nkhani ya matayala, makamaka matayala aakulu amene anthu ayamba kuveka tigalimoto tating'ono ta folo bayi folo. Muli nayo galimoto kapena mulibe, musachoke pa wailesi, chifukwa msewu umene galimotozi zimathamangamo ndi womwewo umene mwana wanu amawoloka popita kusukulu.

Ife a kuno chaka chathu chimayenda ndi fodya. Nazale timafesa dzuwa likuswa mtengo, mvula ikagwa tiwokera, kenaka kuthyola, kusoka, kuyanika m'chigafa, kusankha, kudinda mabelo pa jeke. Msika ukatsegulidwa cha mu April, mabelo n'kulowera ku Chinkhoma kapena ku Kanengo, pa Nkhamenya pamasintha nkhope. Wina agula malata, wina ng'ombe ziwiri za pangolo, wina njinga yamoto yoti mnyamata wake aziyendetsa kabaza. Amene tsamba lawakomera kwa zaka ziwiri zitatu zotsatizana amayamba kuyang'ana zithunzi za galimoto za ku Japan pa foni. Pakapita miyezi, kagalimoto katsika sitima ku Dar es Salaam, kalowa pa Songwe, katsetsereka ndi M1 mpaka kudzaima pakhomo. Timationa tsiku ndi tsiku: Suzuki Jimny, Mitsubishi Pajero Mini, Daihatsu Terios, Toyota Rush, Suzuki Escudo yakale ija.

Amene amagula tigalimototi sindiwaimba mlandu ngakhale pang'ono. Munthu wokhala kwa Simlemba kapena kwa Chulu, kutali ndi phula, amadziwa zimene January amachita ndi msewu wafumbi. Malole onyamula feteleza ndi nkhuni amakumba ngalande ziwiri, ngolo zimawonjezera, pakati n'kutsala msana wautali. Galimoto yotsika imagona pamsana pamenepo ndi mimba, matayala n'kumangozungulira m'malere. Ndipo kumudzi galimoto si ya mwini wake yekha. Mayi akayamba kudwala matenda a uchembere pakati pa usiku, ndi galimoto yomweyo imene anthu amakagogodera kuti imuthamangitsire ku chipatala cha mishoni cha Nkhamenya. Choncho munthu akanena kuti ndikufuna galimoto yanga ikwereko pang'ono, akunena zomveka. Vuto langa lili pa mawu akuti pang'ono, chifukwa ambiri akafika pogula amawaiwala.

Ndikuuzeni za mlamu wanga, amene dzina lake ndilisunga. Iyeyu ndi mlimi wa fodya wa bale, munthu wolimbikira, wosamwa. Adagula Jimny ya injini ya 1.3. Dzinja loyamba idamugonera kawiri padambo la kufupi ndi kwawo, mpaka kukabwereka ng'ombe kuti ziikoke. Anzake adamuuza kuti mankhwala ake ndi matayala aakulu. Adapita ku Lilongwe, n'kubwerako ndi matayala 4 a kaunjika, a mano akuluakulu ngati a thirakitala. Tsiku limene adawaveka, pansi pa mtengo pomwe anyamata amamata matayala, kompuresa ikulira, anthu adaunjikana. Kagalimoto kaja kadaoneka ngati kakula usiku umodzi. Mlamu wanga adandiitana, nkhope ili ngwee.

"Alamu, kwerani muone. Tsopano palibe dambo londiopsa."

Ndidakwera. Pokhota kuti tilowe mumsewu, ndidamva kutsogolo kukuti khweee. Tidatsika kukayang'ana. M'kati mwa madigadi, pulasitiki inali itadyeka kale, ndipo pachitsulo panali popukutika mbee, pomwe mano a tayala amakhula chiwongolero chikapotoledwa mpaka kumapeto. Mnyamata womata matayala adati, "Musadandaule bwana, apa tingodula pang'ono, apa timenye ndi hamala." Adadula, adamenya. Titalowa paphula kulunjika ku Chatoloma, galimoto inkachita ngati wina akuigwira kumbuyo. Pokwera pamene kale inkakwera ndi giya 4 osadandaula, tsopano inkafuna giya 3. Liwiro litakwerako, chiwongolero chidayamba kunjenjemera m'manja mwake ngati chagwidwa malungo. Mlamu adakhala chete. Ine ndidagwira mpando.

Padapita mwezi umodzi ndi theka. Tsiku lina adanyamula matumba 4 a feteleza ndi anthu atatu, n'kulowa padambo lija. Zoona, mimba sidagunde. Koma matope atagwira matayala olemerawo, injini idayamba kufooka, iye n'kumaponda mafuta phazi lina lili pa kilatchi theka. Fungo lidadzaza m'galimoto, fungo lija la nsapato ya mphira ikagwera pamoto. Kilatchi idapsa pomwepo. Ng'ombe zija zidabweranso.

Tsopano tengani cholembera, kapena lembani pansi ndi kamtengo, chifukwa pali masamu ochepa amene angakupulumutsireni ndalama za mabelo angapo. Pambali pa tayala lililonse pamalembedwa manambala. Pa Jimny ya 1.3 ngati ya mlamu wanga, tayala lobwera nayo kuchokera ku fakitale ndi 205/70R15. Nambala yoyamba, 205, ndi kutambalala kwa tayala m'mamilimita. Yachiwiri, 70, ikunena kuti khoma la tayala, kuchokera pa rimu kufika pamene limaponda pansi, ndi 70 peresenti ya kutambalala kuja. Yachitatu, 15, ndi kukula kwa rimu m'mainchi. Mukaphatikiza zonse, tayala limeneli kutalika kwake kuchokera pansi kufika pamwamba ndi mamilimita 668. Mlamu wanga adaveka 235/75R15, lotalika mamilimita 733. Kusiyana kwake ndi mamilimita 65.

Apa ndi pamene ambiri amanamizidwa. Galimoto siikwera ndi mamilimita 65 onsewo ayi. Imakwera ndi theka lokha, chifukwa chitsulo chimene tayala limazungulirapo chili pakati pa tayalalo. Theka lina la kutalikako lapita m'mwamba, kukakhula madigadi. Ndiye kuti mlamu wanga adapindula mamilimita 33, zala ziwiri zogundanitsa. Ndibwereze: zala ziwiri. Ndipo dziwaninso ichi, inu amene mukuganiza zokweza galimoto ndi masipuling'i aatali. Pa Jimny, chimene chimayamba kugunda pamsana wa msewu ndi difu, chibumi chachitsulo chija chili pakati pa matayala awiri. Masipuling'i amakweza thupi la galimoto, difu imatsala pomwe inali. Chokweza difu ndi tayala lokha. N'chifukwa chake chilakolako cha tayala lalikulu sichitha, ndipo n'chifukwa chake tiyenera kudziwa mtengo wa zala ziwirizo.

Woyamba kulipira ndi injini. Aliyense amene adayendetsapo njinga yakapalasa ya magiya amadziwa kuti ukaika giya yolemera pachitunda, miyendo imawawa. Tayala lotalika ndi 10 peresenti, monga la mlamu wanga, lili ngati waika giya yolemera nthawi zonse: mphamvu yokankha pansi imachepa ndi pafupifupi gawo lomwelo. Kwa Land Cruiser zimenezo n'zochepa. Kwa injini ya 1.3 n'zambiri, ndipo kwa Pajero Mini kapena Jimny ya 660cc, imene ku Japan adaipanga kuti ilowe m'gulu la tigalimoto tating'onoting'ono ta msonkho wotsika, ndi katundu woposa msinkhu. Galimoto ya magiya a pamanja imadya kilatchi. Ya otomatiki imangosinthasintha magiya pachitunda, mafuta a mu giyabokosi n'kumatentha, ndipo giyabokosi ya otomatiki ikafa, mtengo wake mukuudziwa. Petulo nayenso amapita. M'dziko lino tagona pamizere ya mafuta kokwanira m'zaka zapitazi, moti lita iliyonse yopsereza kukankha mphira wosafunika imandipweteka mtima.

Mphamvu ya tigalimototi idagona pa kupepuka. Jimny yoyamba idatuluka mu 1970 ili ndi injini ya 359cc, yosasiyana kwenikweni ndi ya njinga yamoto, koma inkadutsa malo amene galimoto zazikulu zinkatitimira, chifukwa inalibe thupi lolemera. Mu 2007 anthu awiri a ku Chile, Gonzalo Bravo ndi Eduardo Canales, adakwera phiri la Ojos del Salado ndi Suzuki Samurai mpaka mamita 6,688, kuposa kuwirikiza kawiri nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje. Koma galimoto yawo adaikonza mwapadera, kuyambira injini mpaka zapansi. Anthu a masewero otere akaveka matayala aakulu amasinthanso magiya a m'kati kuti mphamvu ibwerere. Ife timaona chithunzi pa Facebook, n'kutengapo tayala lokha.

Wachiwiri kulipira ndi munthu woyenda pansi, ndipo apa ndikupempha mutchere khutu. Sipidomita siiona msewu. Imawerenga kuti tayala lazungulira kangati. Tayala lalikulu likazungulira kamodzi limadya mtunda wautali, koma sipidomita siidziwa kuti mwasintha. Ndi matayala a mlamu wanga aja, singano imene kale inkatanthauza 50 tsopano ikutanthauza 55, ya 80 ikutanthauza 88, ya 100 ikutanthauza 110. Apolisi a pamsewu akakuimitsani ndi kamera yawo, mudzalumbira kuti simumathamanga, ndipo mudzakhala mukunena zimene maso anu adaona, koma kamera ndiyo idzakhale yolondola. Chindapusa n'chaching'ono. Chachikulu n'chakuti liwiro likakwera ndi 10 peresenti, mtunda umene galimoto imafuna kuti iime umatalika ndi 21 peresenti. Onjezanipo kuti mabuleki ang'onoang'ono aja tsopano akulimbana ndi tayala lotalika komanso lolemera kuposa limene adawapangira. Msewu wa M1 udayamba kukonzedwa mu 2022, kuchokera ku mphambano ya bwalo la ndege la Kamuzu kudutsa Kasungu ndi Jenda, ndi thandizo la European Union ndi European Investment Bank. Msewu wosalala umakoka phazi kuti liponde mafuta. Tsiku la msika pa Nkhamenya, m'mbali mwa phula mumadzaza amayi a tomato, akabaza, mbuzi, ana ovala yunifolomu. Mamita awiri kapena atatu owonjezera pa kuima kwa galimoto amatha kukhala moyo wa mmodzi wa iwo.

Palinso nkhani ya kugubuduka. Tigalimototi ndi tatifupi, topapatiza, komanso tatitali. Mu 1988 magazini ya ku America ya Consumer Reports idalemba kuti Suzuki Samurai, mkulu wake wa Jimny za lero, imatha kugubuduka ikakhota mwadzidzidzi. A Suzuki adakana, adakasuma kukhoti mu 1996, ndipo mbali ziwirizi zidagwirizana mu 2004. Amene adalondola pamlanduwo si nkhani yathu lero. Chimene aliyense wonyamula mtolo pamutu amadziwa n'chakuti katundu akakwera m'mwamba, kupendama pang'ono kumagwetsa. Mwakweza ndi tayala, mwakwezanso ndi masipuling'i, padenga mwamangapo belo la fodya la makilo pafupifupi 100, kenaka ng'ombe yatulukira pamsewu madzulo, inu n'kupotola chiwongolero mwamphamvu. Jimny idapangidwa kuti isenze katundu wosafika makilo 400, kuwerengera ndi anthu omwe ali m'katimo. Akuluakulu anayi ndi matumba awiri a feteleza, yakwana kale. Tayala lalikulu siliwonjezera kilo ngakhale imodzi pa zimenezi, chifukwa masipuling'i, mashoko, mabering'i ndi mabuleki ndi omwe aja. Kunjenjemera kwa chiwongolero kumene ndidakuona kwa mlamu wanga n'kodziwika pa Jimny: mabering'i a pokhotera matayala akutsogolo akayamba kutha, tayala lolemera limakulitsa vutolo.

Tsiku lija pansi pa mtengo ndidaona chinthu china chimene sindidachilabadire mpaka mtsogolo. Pachitseko cha kumbuyo padatsala sipeya yakale, 205/70R15. Matayala 4 aakulu, sipeya yaing'ono. Ambiri amatero, poti ndalama imathera pa anayi. Tayala limodzi likaphulika, amaveka sipeya ija n'kupitiriza ulendo. Matayala osiyana kutalika amazungulira mosiyana, ndipo zitsulo za pakati zimakakamizika kuyanjanitsa zosayanjanitsika. Pa Jimny, imene folo wilo yake mumachita kuilowetsa, kutsogolo ndi kumbuyo zimamangidwa pamodzi popanda chopumira, n'chifukwa chake ngakhale matayala ali ofanana simuyenera kuyenda ndi folo wilo paphula louma. Pa Terios ndi zina zimene matayala onse 4 amakoka nthawi zonse, kusiyana kwa matayala kumatenthetsa zida za pakatizo ulendo wonse. Ngati mukusintha, sinthani onse 5. Ndipo yang'anirani mahinji a chitseko cha kumbuyo, poti sipeya yolemera pamsewu wa mabampu imawang'amba pang'onopang'ono.

Anyamata a m'tauni ali ndi matenda ena, osiyana ndi a mlamu wanga. Iwo amakulitsa rimu. Amachotsa ya 15 kapena 16, n'kuveka yonyezimira ya 17 kapena 18, ndi tayala lopyapyala ngati lamba. Pamaso zimakongola. Koma galimoto siikwera ngakhale pang'ono ngati kutalika kwa tayala lonse sikudasinthe, ndipo mwataya chinthu chokhacho chimene chimakutetezani m'misewu yathu, khoma la tayala lodzaza mpweya. Khomalo ndilo limameza dzenje ndi mwala. Likafupika, nkhonya yonse imafika pa rimu. Rimu yachitsulo ikapindika, mmisiri wa pa Nkhamenya amaiwongola ndi hamala, inu n'kupitiriza ulendo. Yonyezimira ija imasweka, ndipo yofanana nayo mukaipeza ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, ngati mwachita mwayi. Kuno kwathu rimu yaing'ono ndi khoma lalitali ndizo zoyenera. Samalaninso ndi mabowo. Rimu ya Jimny ndi ya Pajero Mini zonse zili ndi mabowo 5, koma kutalikirana kwake n'kosiyana: mamilimita 139.7 pa Jimny, 114.3 pa Pajero Mini. Wina akakuuzani kuti tingokuza mabowo ndi dirilo, kapena tiikepo zitsulo zotalikitsira zosadziwika kumene zidapangidwa, tengani galimoto yanu muzipita. Tayala lothothoka paliwiro silipereka mpata wachiwiri.

Nanga za kaunjika? Ndikudziwa chifukwa chake timawagula. Matayala amachokera kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 mitengo idathawa anthu ambiri. Koma akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tayala limakalamba ngakhale mano ake akadali aatali, mphira umauma n'kuyamba ming'alu yaing'onoing'ono m'khoma. Zaka zake zimalembedwa pambali pomwepo. Funani pamene palembedwa DOT, mutsatire mpaka manambala 4 omalizira. Awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka. Mukaona 2316, ndiye kuti lidapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2016. Makampani opanga matayala, monga Michelin, amalangiza kuti tayala likapitirira zaka 5 lizionedwa ndi wodziwa chaka chilichonse, ndipo likafika zaka 10 lichotsedwe ngakhale likuoneka bwino. Matayala a mlamu wanga titawawerenga pambuyo pake, awiri anali atadutsa kale zaka 10.

Pali msampha winanso umene umabwera ndi galimoto za ku Japan. Kumeneko kumagwa chipale chofewa, ndipo galimoto zambiri zimafika kuno zitavala matayala a nyengo yozizira. Mudzawadziwa ndi timizere tambirimbiri topyapyala pa dzino lililonse, mawu akuti STUDLESS pambali, kapena mayina ngati Blizzak, iceGUARD ndi Winter Maxx. Mphira wake ndi wofewa, wopangidwira madzi oundana. Paphula la October la ku Kasungu umatha msanga, ndipo sugwira bwino buleki ngati tayala wamba. Anthu amawakonda poona mano akuya. Musawagule, ndipo ngati galimoto yanu idabwera nawo, ndalama yoyamba ya matayala ipite pamenepo.

Ndiye mukundifunsa kuti, kodi tisasinthe konse? Yankho langa ndi ili: kwerani sitepe imodzi yokha. Pa Jimny ya 1.3, tayala la 215/75R15 ndi lotalika mamilimita 703, limakweza difu ndi mamilimita 18, ndipo limakwana pa rimu yomwe ija ya mainchi 5.5 m'lifupi, pamene 235 ija imafuna rimu ya mainchi 6 kupita m'tsogolo. Pali linanso, 195/80R15, lotalika mamilimita 693, limene Jimny yatsopano ya 2018 imabwera nalo. Ubwino wake ndi wakuti saizi yomweyi ndi imene maminibasi ambiri a Toyota Hiace amavala, choncho likakuphulikirani pa Jenda kapena pa Chatoloma, simugona panjira kudikira kuti lichokere mumzinda. Kungoti la minibasi ndi lolimba khoma komanso lolemera, lidapangidwira katundu wambiri, moti pa kagalimoto kopepuka limadumphitsa. Likhale lopulumukira, osati lokhazikika. Inu a 660cc, musakulitse. Gulani saizi yomwe idalembedwa, ya mano abwino. Musanalipire, vekani limodzi kutsogolo, potolani chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri, kwezani tayala limodzi pachulu kapena pamwala, mulowetse dzanja muone ngati pali pokhula. Akakatulutsa hamala ndi chodulira, dziwani kuti tayalalo si la galimoto yanu. Afunseninso a inshulansi yanu musanasinthe, ndipo kumbukirani kuti poyeza galimoto kuti ipatsidwe COF, matayala ndi mabuleki amaonedwa.

Kunena zoona, nthawi zambiri chimene chimatimiza padambo si kufupika kwa tayala, koma mtundu wa mano ndi kuchuluka kwa mpweya. Matayala alipo a paphula, olembedwa HT, a pakatimpakati, olembedwa AT, ndi a m'matope, olembedwa MT. A m'matope amaluma bwino m'makande, koma paphula amalira, amatha msanga, ndipo mvula ikagwa paphulapo sagwira ngati anzawo. Munthu wa kuno amayenda makilomita ochepa pafumbi, ambiri pa M1 popita kuboma. Tayala la pakatimpakati ndilo mnzake. Za mpweya, tsegulani chitseko cha dalaivala, pachipilala pali kapepala komatidwa kochokera ku fakitale. Pa Jimny zambiri nambala yake siifika ngakhale 30 pa geji, koma anyamata opopa, poti adazolowera maminibasi, amaika 40 kapena kuposa. Tayala louma gwa ngati limenelo limaponda pansi ndi kachigawo kakang'ono, limaterereka m'matope, limakumba mumchenga, ndipo limagwedeza galimoto mpaka mabawuti kumasuka. Mukafika pamchenga wambiri, phwetsaniko pang'ono kuti tayala litambalale, koma khalani ndi pampu m'galimoto, ngakhale ya phazi, kuti mubwezere musanalowe paphula. Tayala lochepa mpweya likathamanga paphula limatentha m'kati n'kuphulika.

Ndipo pamsana wa msewu paja pali luso limene madalaivala akale a malole a m'maesiteti amalidziwa: osalowetsa matayala onse m'ngalande. Mbali imodzi iponde pamsana, ina m'mphepete, giya yotsika ya folo wilo, phazi lichoke pa kilatchi, mafuta pang'onopang'ono osasiya. Khasu likhale m'galimoto dzinja lonse. Mphindi 10 zogumula msana ndi khasu zimachita zimene zala ziwiri zija sizingathe. Komanso tisaiwale kuti dambo lovutitsalo lili ndi eni ake. Midzi ina imagwirizana tsiku limodzi kuthira miyala ndi zibuma zosweka pamalo oipitsitsa mvula isanayambe, ndipo aliyense, wa ngolo, wa njinga, wa galimoto, amadutsa bwino. Za milatho ndi makalavati, pitani nazo kwa khansala ndi ku komiti ya chitukuko ya m'dera lanu, ndipo musatope kuzikumbutsa.

Mlamu wanga adagulitsa matayala aja motchipa, atauza wogulayo zaka zake. Adakonzetsa kilatchi, adasintha mabering'i akutsogolo, n'kudikira msika wotsatira. Fodya atagulitsa, adagula matayala 5 atsopano a 215/75R15 a pakatimpakati. Dzinja lapitali adadutsa padambo lija osabwereka ng'ombe, ndipo kawiri konse adanyamula odwala usiku mpaka kuchipatala. Pamene madigadi adadulidwa padakali poonekera, matope amalowerapo mpaka lero.

Inu amene mabelo anu ali panjira yopita ku Chinkhoma ndipo mtima uli kale pa matayala, ndikukupemphani chinthu chimodzi. Mawa m'mawa, musanapite kwa wogulitsa aliyense, gwadani pambali pa galimoto yanu muwerenge manambala a pa tayala, mutsegule chitseko muwerenge kapepala ka pachipilala, muzilembe papepala. Pitani nalo pepalalo kwa makaniko amene mumamukhulupirira, amene sagulitsa matayala, mumufunse kuti sitepe imodzi kuchokera pamenepo ndi iti. Ndipo podutsa pa Nkhamenya tsiku la msika, chonde tsitsani liwiro, ana athu ali m'mbali mwa msewu.